Mau a Chingerezi Otanthauza Kudziwitsa Munthu: Kumene Adachokera

M'Chichewa munthu amangotenga mneni "kudziwa", nalumikizako kamphatikira kumapeto, basi pabadwa "kudziwitsa". Chingerezi sichidayende njira yachidule yotere. Icho chili ndi mau ambiri a ntchito imodzi yomweyi, ochuluka mwa iwo ndi obwereka, ndipo chimene chidawabweretsa ndi nkhondo.

M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adaoloka nyanja nagonjetsa Mfumu Harold ku Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, kunyumba ya mfumu ndi m'mabwalo akuluakulu a milandu kunkamveka Chifalansa, pamene Chingerezi chidatsalira alimi ndi antchito. Lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi lidadza mu 1362, komatu apa n'kuti mau a olamulira atazika kale mizu.

Liu la eni nthaka lidali "tell". Kalelo linkatanthauzanso kuwerenga zinthu chimodzichimodzi, nkhosa kaya ndalama, n'chifukwa chake wolandira ndalama kubanki amatchedwa "teller" mpaka lero. Liuli silidafe ai, koma lidakhala la tsiku ndi tsiku, la kumsika ndi kumunda. Wofuna kulankhula mwaulemu, kapena kulembera akuluakulu, ankasankha mau a Chifalansa.

Limodzi mwa mau oyamba kulowa ndi "acquaint", limene lidayamba kuoneka m'zolemba m'zaka za m'ma 1200. Gwero lake ndi liu la Chilatini "cognitus", ndiye kuti chinthu chodziwika. Mbale wake wa bere limodzi ndi "quaint", limene poyamba linkanena za munthu wanzeru ndi wochenjera, koma lero limanena za kanthu kachikale kokopa maso. "Apprise" lidachedwa, lidafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo mpaka pano malo ake ndi m'makalata a muofesi. "Brief" lidachokera ku "brevis", chachifupi. Lidayamba ngati dzina la kalata ya Papa, kenaka la pepala lofotokozera loya mlandu mwachidule, koma lidatchuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene oyendetsa ndege ankapatsidwa malangizo asananyamuke.

Mbiri yopatsa maganizo kuposa zonsezi ndi ya "inform". M'Chilatini "informare" ndiko kuumba chinthu kuti chikhale ndi maonekedwe, monga mayi aumbira mphika ndi dongo. Pamene liuli linkalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300, linkanena za kuumba maganizo a munthu, ntchito ya mphunzitsi ndi ya kholo. Lidali liu lolemekezeka ndithu.

Tsono malamulo a ku England ankalola munthu wamba aliyense kusumira wophwanya malamulo ena, ngakhale iyeyo sadalakwiridwe kanthu, ndipo akapambana ankalandirako ndalama za chindapusa. Munthu wotere ankatchedwa "common informer". Cholinga chake chidali chomveka m'masiku amene kudalibe apolisi, pakuti apolisi a mumzinda wa London adakhazikitsidwa mu 1829. Koma pamene pali ndalama sipalephera dyera. Ena adasandutsa kuneneza anzao kukhala ntchito yodyerapo, ena namaopseza amalonda kuti awapatse kangachepe nkhani isanafike kubwalo. M'zaka za m'ma 1930 kudali anthu osumira eni nyumba za kanema chifukwa chotsegula pa Sabata, potsamira lamulo la mu 1780 limene ambiri adali ataliiwala. Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idathetsa mchitidwewu mu 1951.

Lamulo lidatha, koma chipsera chidatsala pa liu. Lero "informer" ndi dzina limene munthu sangalilandire mokondwa. Ndipo wophunzira Chingerezi ayenera kuchenjera ndi kaliu kakang'ono "on": akalemba kuti "inform the headmaster" wanena zodziwitsa mphunzitsi wamkulu, koma akalemba kuti "inform on the headmaster" ndiye kuti wakamneneza kwa akuluakulu.