Chilankhulo cha msika wa pafoni ku Zomba

WhatsApp, Facebook ndi anzawo timawatchula kuti masamba a mchezo, ndipo dzinali linakhazikika. Koma munthu wa ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Chikanda akatsegula WhatsApp m'mawa, mchezo amaupeza pambuyo. Amayamba wadutsa nsapato za kaunjika, nkhuku zoyera, mawigi, mpunga wa ku Chilwa ndi chipinda chofuna wophunzira wa ku Chanco. Msika unasamukira m'foni ndipo uli ndi chilankhulo chake. Mawu ena anachokera ku California, ena tapanga tokha, ndipo magulu awiriwa sayeza chinthu chimodzi.

Akatswiri otsatsa malonda amakonda kunena za reach, chiwerengero cha anthu amene positi yawadutsa pamaso. Amanenanso za engagement, kutanthauza amene alaika, ayankhapo kapena asheya. Palinso mafolowazi, amene eni mapeji amawanyadira kwambiri. Mawu onsewa amawerenga maso ndi zala. Amene amafunsa ngati ndalama yalowa m'thumba ndi conversion, woonerera kusanduka wogula, ndipo amenewa samveka kawirikawiri. Mayi wophika makeke atha kulandira malaiki mazanamazana pa chithunzi cha keke ya ukwati, ambiri ochokera kwa abale ake a ku Joni, mwezi n'kutha wopanda oda.

Kuseri kwa zonsezi kuli algorithm, dongosolo la kompyuta losankha zoti munthu aone poyamba. Ntchito yake ndi ya woitanira pa depoti: minibasi zilipo zambiri, koma iye ndiye amaloza yoti anthu akwere. Facebook sionetsa positi yanu kwa onse amene amatsatira peji yanu. Imayesa pa ochepa, ikaona kuti akuimapo ndi kuyankha imaikankhira kwa ena. N'chifukwa chake mkangano ndi nthabwala zimayenda msanga kuposa mtengo wa feteleza. Wofuna kudumpha mzere amabusita, ndiye kuti kulipira kampaniyo kuti positi ifike kwa anthu a dera, msinkhu ndi zokonda zimene iye wasankha. Vuto n'lakuti kubusita kumafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, pamene ndalama zakunja zikusowa, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wa geni yaing'ono amangozimva.

Iye malo ake ndi sitetasi. WhatsApp inayambitsa sitetasi ya zithunzi mu 2017. Siilipiritsa kupatula bandulo, imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona okhawo amene munasungirana nambala. Lamulo lomalizali ndi limene linaumba malonda a tauni ngati Zomba, imene kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 105,000. "Sevani nambala yanga" si moni wamba, ndi kutsegula sitolo. Woona sitetasi yanu ndi wa kumpingo, wa kuntchito, mnzanu wa banki m'khonde, munthu woti akakwiya akudziwa pokupezani. Gulupu imafutukula bwalolo, ndipo adimini, amene amalowetsa ndi kutulutsa anthu, ali ndi mphamvu zimene mabuku a zamalonda sanazilembe. Pa sukulu ya ukachenjede, wophunzira amene ali m'magulupu ambiri atha kugulitsira mnzake mafoni ochuluka kuposa woimba wotchuka. Ameneyonso ndi influencer, ngakhale dzinalo timalisungira anthu a pa TikTok ndi mapeji akuluakulu ngati Mikozi.

Mawu amene tapanga tokha amazungulira nkhani imodzi: kodi ndikukhulupirire? Tengani "mtengo ku inibokisi". Ogula amadana nawo, ndipo sakulakwa. Ku msika wa Mpondabwino mtengo umatchulidwa pagulu, wogula amanenerera ena akumva, ndipo banyira amaikidwa poyera. Ku inibokisi aliyense amauzidwa wake, mwina wogulitsa ataona kaye chithunzi cha wofunsayo. Komabe ndimawamvetsa ogulitsa. Mtengo wolembedwa lero umakhala wabodza sabata yamawa akapita kukaoda, ndipo positi yakale imasanduka mboni yowatsutsa. Ngakhale zili choncho, ine ndimaona kuti wolemba mtengo ndi tsiku lake amapeza makasitomala okhalitsa.

Kenaka pali "yotapira". Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo kuchokera pamenepo malonda alionse a pafoni ali ndi kankhani koti ndani alipire ndalama imene imadulidwa potapa kwa ajenti. Pali sikirinishoti, imene yasanduka lisiti ngakhale kuti mwana wodziwa foni atha kuipeka. Pali funso la nkhuku ndi dzira la msika umenewu: nditumize kaye ndalama kapena mutumize kaye katundu? Wa kabaza ndiye amathetsa mlanduwo, poti amanyamula katundu n'kudikira pageti mpaka ndalama ilowe. Lamulo loyang'anira zochitika za pa intaneti lilipo kuyambira 2016, ndipo kulembetsa ma simu kunakhala kokakamiza mu 2018, koma uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" sunathe. Akamberembere ndi amene anakweza mtengo wa mawu akuti "ndimamudziwa".

Tikakwera phiri la Zomba nkhani imasintha. Ku Zomba kulibe chimene chimajambulidwa kuposa phirili: damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi Emperor's View, malo amene anatchedwa polemekeza Haile Selassie wa ku Ethiopia. Otsatsa amati zimenezi ndi content, chilichonse chodzaza peji kuti anthu asachoke. Malo ogona alendo amaposita, alendo amaposita, pafupifupi zonse m'Chingerezi, chifukwa target audience yawo, anthu amene uthengawo ukuwasaka, ndi azungu ndi apamwamba a ku Blantyre ndi Lilongwe. Palibe cholakwa pamenepo, bizinesi imalankhula ndi amene amalipira.

Chondivuta ndi ichi. M'zithunzizo mumaoneka anyamata a m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe atanyamula mbale za sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya. Mumaoneka ogulitsa ziboliboli ndi miyala yonyezimira, operekeza alendo, amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Nkhope zawo zimakopa alendo, koma peji si yawo, mawu a pansi pa chithunzi si awo, nambala yolembedwapo si yawo. Chipatso chimene chingavunde mawa chikudikira galimoto yodutsa, pamene m'tauni, mtunda waufupi kutsika, muli mabanja amene akanagula akadadziwa kuti lero chapsa. Zifukwa zake si zachilendo: foni ya mabatani, bandulo yodula, kotchajira, ndiponso maganizo oti kutsatsa kwenikweni kumachitika m'Chingerezi.

Maganizo amenewo anthu ena anawakana kale. Ku United States, kalembera wa 2020 anapeza anthu a mtundu wa Latino oposa 62 miliyoni. Makampani akuluakulu kumeneko amakonza zotsatsa za m'Chisipanishi ndipo amalemba ntchito anthu a m'maderawo, ataona kuti uthenga womasuliridwa mawu ndi mawu sugwira mtima. Kwathu kuno Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo zotsatira zake timaziona: positi yolongosoka malembo koma yoti palibe wa ku Sadzi angayankhule choncho.

Chida chimene chikuchepetsa mpata umenewu ndi vn, uthenga wa mawu. Siifuna sipelo kapena galamala. Wogulitsa matemba atha kuyankhula Chichewa, n'kulowetsamo Chiyao akazindikira kuti kasitomala ndi wa kwawo, n'kuseka, n'kutsitsa mtengo, zonse mu mphindi imodzi. Wogula amamva ulemu, amamva msinkhu, amamvanso ngati munthuyo akuzemba funso. Vn ilibe laiki, siitrenda, ndipo malipoti a reach saiwerenga, koma malonda ambiri a pa WhatsApp amamalizikira pamenepo.

Ophunzira a ku Chanco amene mumayendetsa mapeji a anthu kuti mupeze ya sopo, ntchito ina ili pamwamba pa phiri. Wogulitsa sitiroberi safuna logo. Muthandizeni kutsegula WhatsApp Business pa nambala yake, mumuonetse kujambula mbale ya lero ndi kutchula mtengo ndi mawu ake, mumulowetse m'magulupu a m'tauni, ndipo mugwirizane ndi wa kabaza mmodzi wodalirika. Mukamujambula n'kuposita pa peji yanu, mupempheni kaye, ndipo nambala yolembedwa pansi ikhale yake.