Ulalo Wokhala ndi Mpata Pakati

Ana inu, mutaona ulalo wong'ambika pakati mungaganize kuti wathyoka. Koma ku England, pa ngalande yocokera ku Birmingham kufika ku Stratford-upon-Avon, kuli timaulalo tacitsulo timene amisiri anatimanga dala ndi kampata pakati pake.

Ngalandeyi anatsiriza kuikumba m'caka ca 1816. Masiku amenewo mabwato a malasha anali kukokedwa ndi kavalo woyenda m'mphepete mwa madzi. Pofika pa ulalo, kavalo anali kulambalala, cingwe n'kudutsa pa kampata kaja popanda kucimasula.

Nanga bwato likwera bwanji mtunda, popeza madzi sakwera phiri? Pa malo otsetsereka anamangapo zipinda za njerwa zokhala ndi zitseko zolimba zamatabwa kumbuyo ndi kutsogolo. Angelezi amaticha cipinda cotere lock. Bwato likalowa, amatseka citseko cakumbuyo ndi kutsegulira madzi akumtunda. Madzi akamadzaza m'cipindamo, bwato limakwera nawo pang'onopang'ono kufikira litalingana ndi ngalande yakutsogolo. Potsika amangotulutsa madziwo.

Njanji itabwera inalanda nchito ya mabwato. Zitseko zinaola, matope anadzaza, bango n'kumera. M'caka ca 1958 akuluakulu a cigawo ca Warwickshire anapempha kuti mbali yakumwera ya ngalandeyi itsekedwe, pofuna kumanga ulalo wamsewu wamfupi pa mudzi wa Wilmcote. Iwo anati palibe bwato limene linayendamo kwa zaka zitatu. Apa mumvetsetse: anthu ena amene anapalasamo kabwato kao anali atasunga tikiti ya msonkho umene analipira. Kapepala kameneko kanakhala umboni, ndipo ngalandeyo sinatsekedwe.

Mu 1960 bungwe la National Trust linaitenga. Anthu odzipereka, asilikali, ngakhale akaidi, anavuula matope ndi kukonza zitseko pansi pa utsogoleri wa David Hutchings. Mu 1964 amai ake a Mfumukazi Elizabeth II anaitsegulanso.

Lero mabwato amene amayendamo ndi a alendo, oyendetsedwa ndi injini, ndipo akavalo kulibe. Komabe ambiri mwa maulalo ndi zipinda zija analembedwa m'buku la zomangidwa zotetezedwa ndi lamulo. Munthu sangaziphwasule kapena kuzisintha popanda cilolezo, ngakhale atafuna kungotseka kampata kamene cingwe sicidutsaponso.