MASEWERA OPANDA KAPITAO: MBIRI YA GOFU NDI ANA A KU MIGODI

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Ndola kupita ku Kitwe, napitirira kufika ku Chingola, amaona zinthu ziwiri pafupifupi m'tauni iri yonse. Coyamba ndico mgodi weniweni, ndi nsanja zace zazitali ndi milu ya dothi lofukulidwa pansi. Caciwiri ndico dambo lalikulu la kapinga womwetedwa bwino, lokhala ndi mitengo, zulu za ciswe ndi timbendera apa ndi apo. Limeneli ndilo bwalo la gofu.

Anthu ambiri a m'komboni amalipitirira bwalolo osaceuka, namati ao ndi masewera a Azungu ndi a anthu a cuma. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, koma sali mbiri yonse iai. Pakuti ciyambire kulimidwa kwa mabwalowa, ana a anthu a pa mgodi akhala akuyendamo m'mawa ndi madzulo, ndipo ambiri a iwo anatolamo zinthu zoposa kumenya kampira.

KUMENE MASEWERAWA ANACOKERA

Gofu anakulira ku Scotland. Malamulo ace oyamba, okwana 13, analembedwa ku Edinburgh m'caka ca 1744, ndipo m'caka ca 1764 anthu a ku St Andrews anakonza bwalo lao kuti likhale la maenje 18, ciwerengero cimene maiko onse anadzatsata pambuyo pace.

Kaseweredwe kace nkotere. Munthu amaika pansi kampira koyera, kocepa kuposa dzira la nkhuku, nakamenya ndi ndodo ya mutu wolimba kufikira katalowa m'kadzenje kamene kali patali, mwina mayadi 150, mwina 500. Akatsiriza dzenje limodzi apita pa lina. Wopambana ndiye amene atsiriza maenje onse atamenya kocepa kuposa anzace. Lamulo limalola ndodo 14 m'thumba, osapitirira apo, ndipo kuzungulira bwalo lonse ndi ulendo wa maora ngati 4. Thumba lotere ndi lolemera, ndipo kulemera kwaceko ndiko kunatsegulira khomo ana a m'komboni.

MABWALO A MAKAMPANI

M'dziko la Northern Rhodesia gofu anali kuseweredwa ku Livingstone, kumene kalabu inakhazikitsidwa m'caka ca 1908. Ku Migodi anafika pamodzi ndi mkuwa. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 m'mbali mwa mgodi wa Nkana, umene unali wa kampani ya Rhokana.

Makampani anali ndi bvuto lalikulu la kusunga Azungu odziwa nchito ya mgodi, cifukwa dzikoli linali lakutali ndiponso la malungo. Cotero anawamangira nyumba, zipatala ndi makalabu, nawalimira mabwalo a masewera. Pang'ono ndi pang'ono mgodi uli wonse unakhala ndi bwalo lace la gofu: Nkana ku Kitwe, Roan Antelope ku Luanshya, Mufulira, Nchanga ku Chingola, Chibuluma ku Kalulushi, ndi lina ku Bancroft, kumene tsopano kuchedwa Chililabombwe. Ku Ndola, mudzi wa boma, wa njanje ndi wa malonda, anthu a m'tauni anali ndi kalabu yaoyao.

Amene anadula mitengo, nazula zitsa, nathira madzi pa kapinga m'cilimwe anali anthu akuda, ena ocokera ku Luapula ndi ku Kasama, ena ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland. Ndalama zolipirira zonsezi zinali za mkuwa umene anzao analikukumba pansi. Koma munthu wakuda sanaloledwe kukhala membala wa kalabu, kapena kukhala pansi m'nyumba yace ngati mlendo.

ANYAMATA ONYAMULA NDODO

Khomo linali limodzi lokha, ndilo la kunyamula thumba. Anyamata a ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Mindolo, ndi anzao a m'makomboni a ku Ndola, anali kudikira pafupi ndi kalabu kufikira wosewera ataitana mmodzi. M'Cingelezi mnyamata wotere achedwa caddie. Malipiro anali ocepa, koma kwa mwana wa m'nyumba ya anthu ambiri anali ndiwo za tsiku limenelo.

Nchitoyi inali ndi zowawa zace. Mnyamata anali kuyenda padzuwa ndi katundu wa munthu wamkulu, mwina kutukwanidwa cifukwa ca kampira kotayika m'thengo, ndipo ena anasiya sukulu cifukwa cokonda ndalama ya lero. Zimenezi siziyenera kubisika.

Komabe maso a mwana saona pacabe. Wonyamula ndodo anayenera kudziwa kutalika kwa dzenje liri lonse, kumene mphepo ikucokera, ndi kumene nthaka yapendekera. Anayenera kufika nthawi isanakwane, kuima ciriri osalankhula pamene munthu alikumenya, kusalaza mcenga umene wapondedwa, ndi kubweza kapinga pamene ndodo yapalapo. Akaweruka, anyamatawa anali kusema ndodo zao ku nthambi zokhota kapena kupinda citsulo cakale, nakumba maenje kuseri kwa komboni, nayesa zonse zimene anaona. Motero ana amene sanaphunzitsidwe ndi munthu anadziwa masewerawa, ena kuposa mabwana ao.

Izi sizinacitike ku Migodi kokha. Ku America, Francis Ouimet, amene anakula akunyamula ndodo, anapambana mpikisano waukulu wa U.S. Open mu 1913, ndipo womunyamulira thumba anali mwana wa zaka 10. Ku Durban, Papwa Sewgolum, Mmwenye wosauka amene anayambanso ndi kunyamula thumba, anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndi Natal Open mu 1963 ndi 1965. Koma tsiku lina analandirira mphotho yace panja, mvula iri kugwa, cifukwa khungu lace silinamlole kulowa m'nyumba ya kalabu.

WODZIWERENGERA YEKHA

Munthu wa pa mgodi adziwa bwino kapitao, amene amaima pambuyo kuona ngati nchito iri kuyenda. Wokonda mpira wa miyendo adziwa woweruza, amene amathamanga ndi osewera naliza wezulo wina akalakwa. Gofu ndi wosiyana ndi zonsezi. Ngakhale pa mipikisano yaikulu pamakhala akulu odziwa malamulo, nthawi zambiri wosewera ali yekha pakati pa mitengo, ndipo palibe diso lomuona. Kampira kakagwera poipa, lamulo liti akamenye pomwepo pamene kagona. Akakasuntha, ayenera kudziulula yekha ndi kudziwonjezera cilango. Potsiriza asaina dzina lace pa khadi, kubvomereza kuti ciwerengeroco ncoona.

Pali nkhani yochuka ya Bobby Jones wa ku America. Pa U.S. Open ya mu 1925, kampira kace kanasuntha pang'ono m'udzu alikukonzeka kumenya. Akulu a mpikisano sanaone kanthu, koma iye anaumirira kuti amlembere cilango ca kumenya kumodzi. Pomariza analingana ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwereza kusewera Jones anagonja. Kumenya kumodzi komweko kukadampatsa cikho. Zaka 100 zapitapo, koma aphunzitsi a gofu akali kusimbira ana nkhaniyi.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya masewerawa pa kulera mwana. Kumudzi mnyamata anali kuphunzira mwambo kumphala ndi pabwalo, pakati pa akulu. Ababemba nao anali ndi insaka yao. Mwana wobadwira m'komboni analibe mphala, ndipo atate wace anali pansi pa mgodi usana kapena usiku. Bwalo la gofu, ngakhale linalimidwira anthu ena, linali malo amodzi kumene mwana anali kuyenda maora 4 pambali pa munthu wamkulu, naona ndi maso ace ngati munthuyo ali woona mtima kapena wonyenga, woleza kapena waukali.

UFULU UTABWERA

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, makomo a makalabu anatseguka kwa eni dziko. Pulezidenti Kenneth Kaunda mwini wace anakonda gofu, ndipo anali kusewera pa bwalo la ku State House ku Lusaka. Cimeneci cinathandiza kucotsa maganizo akuti masewerawa ngosayenera munthu wakuda. Ana a Azambia amene anakwezedwa pa nchito m'migodi anayamba kugwira ndodo ngati osewera, ndipo ena mwa onyamula matumba anasanduka akatswiri ndi aphunzitsi m'makalabu.

Mu 1972 unayamba mpikisano wa Zambia Open. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akatswiri a ku Ulaya, pothawa cisanu ca kwao, anali kubwera kudzasewera mu Africa, ndipo ku Migodi anali ndi mipikisano iwiri yochuka: Cock o' the North ku Ndola, ndi Mufulira Open. Sam Torrance wa ku Scotland anapambana Zambia Open mu 1975, ndipo Ian Woosnam wa ku Wales anaipambana mu 1985, asanakatenge cikho ca Masters ku America mu 1991. Matumba a ambiri a alendowa anali pa mapewa a anyamata a m'makomboni, amene anaonera pafupi m'mene katswiri amadziletsera zinthu zikamuipira.

MKUWA UTAGWA MTENGO

Koma bwalo la gofu ndi munda wofuna madzi, makina ndi anchito tsiku ndi tsiku, ndipo mabwalo a ku Migodi anali kudya m'mbale ya mkuwa. Boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi mu 1970. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri, ndipo sunadzuke msanga. Kampani ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inapitiriza kuthandiza masewera a mitundu yonse, koma mphamvu zace zinali kucepa caka ndi caka. Pofika caka ca 2000 migodi yaikulu inali itagulitsidwa, anthu zikwi zambiri atacotsedwa nchito, ndipo eni atsopano sanali onse ofuna kusenza makalabu. Mabwalo ena anamera thengo, mipope inauma, ndipo ana amene akadaphunziramo anasowa kopita.

Mkuwa utakweranso mtengo, ena mwa mabwalowa anatsitsimuka. Kampani ya Mopani, imene inatenga migodi ya Nkana ndi Mufulira mu 2000, inathandiza kuti Zambia Open iseweredwe pa bwalo la Nkana, monga mu 2014, 2018 ndi 2019.

MWANA WA KU KITWE

M'zaka zomwezo za mabvuto munakula mnyamata amene anaonetsa cimene mwana wa m'dziko lino angacite akayamba msanga. Madalitso Muthiya anabadwira ku Kitwe mu 1983, nayamba gofu ali ndi zaka 6. Atafika zaka 15 mbiri yace inamveka kwa Pulezidenti Frederick Chiluba, amene anathandiza kuti apeze njira ya ku America. Mu 1999 anapambana mpikisano wa anyamata ku Florida, ndipo pambuyo pace analandira malo pa University of New Mexico, kumene anali kuphunzira ndi kusewera pamodzi. Mu 2006 anakhala Mzambia woyamba, ndiponso munthu wakuda woyamba wa mu Africa, kusewera mu U.S. Open, mpikisano womwewo wa Ouimet ndi Jones. Mu 2016 anapambana mpikisano wa akatswiri ku Wild Coast, ku South Africa. Ndodo inamtsegulira khomo la sukulu, osati kumtsekera, monga inacitira ndi anyamata ena akale.

CIMENE MWANA ATOLA PA BWALO

Cimene onyamula matumba anatola mwangozi, anthu ena anadzaciika m'dongosolo. Mu 1997 ku America kunayambika bungwe lochedwa First Tee, lophunzitsa gofu kwa ana, makamaka amene makolo ao sakadatha kulipira kalabu. Bungweli linandandalika makhalidwe 9 oti aphunzitsidwe pamodzi ndi kagwiridwe ka ndodo, ndipo ena mwa iwo ndi awa: kunena zoona, ulemu, kupirira, kusenza udindo, kulimba mtima ndi kuganiza bwino usanacite kanthu. Mkulu wa ku Katete kapena wa ku Lundazi akamva mndandandawu sangadabwe, pakuti ndi mwambo womwewo wa kumphala.

Kaphunzitsidwe kace nkosabvuta kumva. Mwana asanamenye kampira koyamba, aphunzira kupereka moni ndi kuchula dzina lace momveka kwa amene asewera naye. Aphunzira kuima patali ndi ndodo ya mnzace, kudikira nthawi yace, ndi kupfuula kucenjeza ena kampira kakasokera. Akamenya molakwa, palibe mnzace woti amloze cala. Ayenera kuugwira mtima, nayesanso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Masewera akatha abvula cipewa, nagwirana canza ndi mnzace, kaya wapambana kaya wagonja. Ndipo popeza gofu ali ndi njira yocotsera ciwerengero kwa wofooka kuti alingane ndi wamphamvu, mwana wa zaka 12, mnyamata kapena mtsikana, angathe kusewera ndi mkulu wa zaka 60, nazolowera kulankhula ndi akulu mwaulemu koma mosaopa.

Bungwe la Zambia Golf Union ndi makalabu amakonza mipikisano ya ana, koma copinga cikalipo. Kale cinali khungu. Tsopano ndi mtengo wa ndodo, wa nsapato ndi wa umembala. Akulu anati mmera mpoyamba. Mabwalo a ku Kitwe ndi ku Ndola ali pafupi ndi makomboni, ulendo wa miyendo cabe, ndipo nthaka yace inalimidwa ndi agogo a ana omwewo amene amasuzumira pa mpanda. Kalabu imene ibwereka mwana ndodo zakale, nimpatsa mphunzitsi madzulo ataweruka ku sukulu, siiri kupereka mphatso kwa mlendo, koma iri kubweza kwa mwini gawo la colowa cace.