Elbe, Njira ya Dziko Lopanda Gombe

Tatengani mapu a ku Ulaya, inu awerengi, muyang'ane pakati penipeni. Mudzaona dziko la Czech Republic, lozingidwa ndi mapiri, lopanda gombe la nyanja yamcere. Kumpoto kwa dzikolo, m'mapiri a Krkonoše, ndiko kucokera mtsinje umene eni dziko amati Labe, koma Ajeremani amati Elbe. Umayenda makilomita 1,094. Pa tauni ya Mělník umakumana ndi Vltava, mtsinje wodzera mumzinda wa Prague. Ndipo ngakhale Vltava ndiye amafika pamenepo ndi madzi ambiri, dzina lopitirira ndi la Elbe. Ukalowa m'Germany umapyola Dresden, Magdeburg ndi Hamburg, nukathira m'nyanja ya North Sea pa Cuxhaven.

Makedzana wamalonda wotsika ndi ngalawa pa mtsinjewu anali kulira ndi misonkho, pakuti mfumu iri yonse ya m'mbali mwake inali kufuna gawo lake. Misonkhoyo inathetsedwa mu 1870.

Koma nkhani yaikulu inadza mu 1918, pamene dziko la Czechoslovakia linabadwa. Linali ndi mafakitale ambiri, koma katundu wake akanaturukira kuti? Pangano la ku Versailles la mu 1919 linalamula kuti Germany, amene anagonja pa nkhondo, apatse dzikolo malo padoko la Hamburg. Motero mu 1929 Czechoslovakia anabwereka cigawo ca dokolo, dzina lake Moldauhafen, kwa zaka 99. Ife a m'Zambia, amene tinaona Rhodesia akutseka malire mu 1973, sitifunika kuuzidwa kulemera kwake kwa cinthu cotere.

Ngakhale pamene Germany anagawika pawiri, kuyambira 1949 kufikira 1990, ndipo Elbe anasanduka malire olonderedwa ndi mfuti pa mtunda wa makilomita oposa 90, ngalawa za ku Czechoslovakia zinapitirizabe kutsika ndi katundu mpaka ku Hamburg.

Cimene asilikali sanaletse, madzi ndiwo akuciletsa. Elbe si mtsinje wakuya, ndipo m'zaka za cilala, monga 2018, ngalawa zolemera zinakhala miyezi osayenda. Lero katundu wambiri wa Czech Republic, amene analowa m'malo mwa Czechoslovakia pa panganolo mu 1993, amapita ku Hamburg pa njanji. Zaka 99 zija zikwanira mu 2028.