Kuchoka pa Chikhomo ndi Luzi Kufika pa Kompyuta: Mbiri ya Kalinganizidwe ka Nyumba ku Chadiza

Boma la Chadiza lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, pakati pa Katete, Chipata ndi malire a Mozambique, ndipo anthu ake ambiri ndi Achewa a m'madera a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, amene onse ali pansi pa Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika. Kufikira m'chaka cha 2012 bomali linkaphatikizanso dera la Vubwi, lomwe pano ndi boma palokha. Mbiri ya nyumba za kuno kawirikawiri imakambidwa ngati mbiri ya zipangizo, yoti udzu unasiyira malo malata ndipo dothi lophoma linasiyira malo njerwa, koma kuseri kwa zimenezi kuli mbiri ina imene anthu saikambakamba, yokhudza pamene maonekedwe a nyumba ankasungidwa isanamangidwe ndiponso munthu amene ankakonza zinthu zikalakwika. M'zaka zoposa 100 pulani ya nyumba yasamuka kawiri, kuchoka pansi kupita papepala ndiponso kuchoka papepala kulowa mu kompyuta, ndipo pa msamuko uliwonse wolinganiza nyumba watalikirana ndi dothi limene nyumbayo ikakhalepo.

Nyumba ya makolo inali yozungulira, ndipo pulani yake inkalembedwa pamalo penipenipo. Mwamuna akalambula malo ankakhoma chikhomo pakati, n'kumangirirapo luzi, kenaka n'kuzungulira nalo uku akulemba mzere ndi kamtengo. Mumzeremo ankakumba kangalande momwe ankaimikamo mitengo yothinana, imene ankailimbitsa ndi mbariro, timitengo topindika tomangidwa chopingasa mkati ndi kunja. Kukula kwa nyumba sikunkachokera m'chilakolako cha mwini wake chokha, pakuti mapaso, mitengo ya denga imene imakumana pansonga, ndiwo ankalamula: munthu sakanalemba mzere waukulu kuposa mapaso amene wawapeza kuthengo. Nyumba yotere inali ndi mwayi umodzi umene omanga a masiku ano angausirire, woti inalibe ngodya, choncho panalibe malo oti makoma awiri alephere kukumana.

Amuna akatha kuimika ndi kufolera, khoma linkakhala m'manja mwa amayi, ndipo apa ndi pamene luso la nyumba ya Achewa linkaonekera kwambiri. Kuphoma, kumene ndi kuponya dothi lokanda pakati pa mitengo kufikira mipata yonse yatsekeka, kunkafuna munthu wodziwa dothi, chifukwa dothi la makande lokhalokha limang'aluka likauma pamene lamchenga wambiri limayoyoka, ndipo mayi wodziwa ankazindikira msakanizo woyenera pongolifinya m'dzanja. Dothi loyamba likauma ndi kuchita ming'alu pankabwera lachiwiri lomata, ndipo pansi pankaziridwa ndi mtsiro, dothi losalala limene ankalikhutiza ndi mwala wa kumtsinje mpaka litachita kuwala. Maonekedwe a khoma ankachokera m'nthaka ya mudzi womwewo, katondo wofiira, dothi lakuda la kudambo, dothi loyera kapena phulusa, ndipo mizere ya zala imene inkatsala pakhoma inkasiyana nyumba ndi nyumba. Makabati kunalibe, chakudya ndi ziwiya zinkakhala m'mbiya, m'madengu, pathandala ndi m'nkhokwe. Chinthu chikalakwika sichinkadikira munthu wa kutali, pakuti amene analinganiza nyumba ndi yemwe ankagonamo, ndipo kumata ming'alu ndi kuziranso inali ntchito ya chilimwe chilichonse.

Nyumbayi sinkamangidwa kuti ikhale mpaka kalekale. Pa mwambo wa chikamwini mwamuna ankamanga kumudzi kwa mkazi wake, pamalo amene sanali a mbumba yake, midzi inkasamuka nthaka ikaguga, ndipo nyumba ya munthu womwalira inkagwetsedwa maliro akatha. Pamoyo wotere panalibe chifukwa chosungira pulani kwina kulikonse kupatula m'mutu ndi m'manja.

Ngodya inabwera ndi atsamunda ndi amishoni. Dera lonse lozungulira Fort Jameson, tauni imene lero ndi Chipata, linalowa m'manja mwa British South Africa Company kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo posakhalitsa kunakhazikitsidwa msonkho wa masheleni 3 pa nyumba iliyonse, umene unasandutsa nyumba kukhala chinthu chowerengedwa ndi boma ndipo unatumiza amuna ambiri kukafuna ndalama ku Southern Rhodesia. Malo aakulu anapatsidwa kwa kampani ya North Charterland, anthu n'kukankhidwira m'madera opatulidwa momwe anathinana kwambiri kotero kuti nthaka inakokoloka ndipo mitengo yabwino yomangira inachepa, mpaka boma la atsamunda linagula malo a kampaniyo m'chaka cha 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anayamba ntchito ku Magwero mu 1899, anatsegula siteshoni ya Nsadzu mu 1908, ndipo m'masiteshoni otere ndi m'mene anthu ambiri anayamba kuonera pafupi chikombole choumbira njerwa, uvuni wootchera, ndi nyumba ya makoma anayi yokhala ndi mazenera.

Nyumba ya ngodya inabweretsa vuto limene nyumba yozungulira sinkalidziwa. Ngodya imodzi ikapotoka pang'ono pamaziko, kupotokako kumakula khoma likamatalika, ndipo kumadzaonekera pamapeto penipeni, pamene malata akukana kugona molingana ndi khoma. Amisiri anaphunzira kuyesa ngodya ndi chingwe poyeza mapazi 3 mbali imodzi, mapazi 4 mbali inayo, ndi kuonetsetsa kuti pakati pa nsonga ziwirizo pali mapazi 5, kenaka n'kuyerekeza zingwe ziwiri zodutsana kuchoka pangodya kufika pangodya yoyang'anana nayo. Pulani inali idakali pansi, pa zikhomo ndi zingwe, koma tsopano inkafuna bilidala, munthu wolipidwa amene sadzagona m'nyumbamo.

Pamodzi ndi bilidala panabwera kalipentala. Amuna obwerera kuchokera ku Salisbury, Bulawayo ndi kumigodi ya ku Copperbelt ankabwera ndi maso ozolowera tebulo, bedi ndi kabati ya mbale, ndipo khoma lowongoka linapereka malo oti katundu wotere atsamire, chinthu chimene khoma lozungulira silikanalola. Mlombwa ndi mbawa, zochekedwa ndi sowo ya anthu awiri pamwamba pa dzenje, zinali matabwa okondedwa chifukwa mlombwa sufulumira kudyedwa ndi chiswe ndipo supindika kwambiri ukauma. Kalipentala wa nthawi imeneyo sankagwira ntchito ndi miyeso yokhazikika. Ankapita kunyumba ya mwini katundu, n'kuyeza mpata ndi kamtengo, n'kupanga kabati yolowa pampata womwewo. Timatabwa tosema timene timakhomedwa pamene khoma lakumana ndi siling'i kapena ndi pansi, timene anthu ambiri amatiyesa zokongoletsa chabe, tinali ndi ntchito yobisa mpata umene umatsala pamene zinthu ziwiri zopangidwa ndi amisiri awiri zakana kukumana bwino, ndipo kalipentala waluso ankatipala pang'onopang'ono kufikira titatsata khoma lokhotalo.

Pepala linalowa kudzera m'nyumba za boma, masukulu, zipatala ndi masitolo. Simenti ya ku Chilanga, fakitale imene inakhazikitsidwa mu 1949 pafupi ndi Lusaka, inayamba kufika kum'mawa kudzera mu msewu wa Great East Road, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 zomangamanga za boma zinachuluka, zambiri zikutsata mapulani ofanana ojambulidwa kulikulu. Komabe lamulo lakale la Town and Country Planning Act silinkagwira ntchito pamalo a mafumu, choncho kumidzi nyumba zinapitiriza kumangidwa popanda pepala lovomerezedwa. Zambia inasamukira ku miyeso ya mamita m'zaka za m'ma 1970, koma pakamwa pa amisiri mainchi sanachoke, ndipo mpaka lero buloko imatchulidwa kuti ya mainchi 6 kapena 8 ngakhale papepala palembedwa mamilimita 150 kapena 200.

Kujambula pa kompyuta kunayambira kutali. Ivan Sutherland anaonetsa pulogalamu ya Sketchpad ku MIT mu 1963, kampani ya Autodesk inatulutsa AutoCAD mu 1982, ndipo m'zaka zomwezo kampani ya Graphisoft ya ku Hungary inapanga ArchiCAD, momwe khoma silikhala mizere iwiri chabe koma chinthu chodziwa kunenepa kwake, kutalika kwake ndi zipangizo zake. SketchUp inatuluka mu 2000, ndipo Google itaigula mu 2006 n'kutulutsa mtundu wake waulere, munthu aliyense wokhala ndi laputopu anatha kuimika nyumba pagalasi. Ku Zambia akatswiri a mapulani amaphunzira ku Copperbelt University ku Kitwe, pamene amisiri ambiri a kum'mawa amadutsa m'masukulu a ntchito zamanja monga Chipata Trades Training Institute. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 linafutukula ulamuliro wa mapulani kufika ngakhale pamalo a mafumu, ndipo kukwera kwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kunachulukitsa ntchito zomanga zimene zimafuna pulani yosindikizidwa ndi ndondomeko ya zipangizo.

Zovuta za mapulogalamuwa n'zodziwika kwa aliyense amene wawagwiritsa ntchito, ndipo choyamba ndi cha ngodya yomwe ija. Makoma awiri akhoza kuoneka okumana pagalasi koma atasiyana ndi kampata kosaoneka ndi maso, ndipo zikatero pulogalamu imakana kuzindikira kuti pamenepo pali chipinda. Pansi sipaikidwa, siling'i sioneka, ndipo timatabwa ta m'mphepete, timene pulogalamu imatiyendetsa motsata malire a chipinda, timadukira panjira kapena kusoweratu. Wojambula wosazolowera amataya nthawi akulimbana ndi timatabwato, pamene chofunika ndi kukulitsa chithunzi pangodya iliyonse ndi kulumikiza makomawo.

Vuto lozama kuposa limeneli lili m'miyeso imene pulogalamu imabwera nayo. Mapulogalamu opangidwira eni nyumba a ku America, monga a kampani ya Chief Architect, amayamba ndi khoma la m'kati la matabwa oimikidwa motalikirana mainchi 16 ndi kukutidwa ndi mabodi, lonenepa mainchi 4 ndi theka, pamene khoma la njerwa yathunthu limene limamangidwa kuno ndi la mamilimita pafupifupi 230 lisanapakidwe pulasitala. Wojambula akaiwala kusintha muyeso umenewu, chipinda chilichonse chimatuluka chocheperapo pomanga, ndipo chimene chimavutika ndi kabati. Kabati ya kukhitchini ya mu pulogalamu yotere imakhala yakuya mainchi 24 ndi yotalika mainchi 36 pamodzi ndi thabwa la pamwamba, ya ku Ulaya imayendera mamilimita 600, ndipo zonsezi zimayembekezera khoma lowongoka ngati la mufakitale. Njerwa za ku Chadiza zimaumbidwa pamanja, kawirikawiri ndi dothi la pachulu, m'zikombole zosiyana mwini ndi mwini, ndipo zimafota mosiyana malinga ndi pamene zinakhala mu uvuni. Mzere wa makabati wojambulidwa kuti udzaze khoma ndendende sungalowe pakhoma lotere popanda kusiya mpata woti kalipentala adzatseke ndi kathabwa.

Maonekedwe a khoma nawo ali ndi msampha wawo. Chimene pulogalamu imaika pakhoma ndi chithunzi chaching'ono chobwerezedwa kambirimbiri, ndipo kukula kwa chithunzicho kukapanda kuikidwa bwino njerwa imaoneka yaikulu ngati chitseko, kapena mizere ya thabwa imayenda chopingasa pamene iyenera kuimirira. Izi n'zosavuta kukonza. Chovuta n'choti m'nkhokwe ya zithunzi imene pulogalamu imabwera nayo simupezeka katondo, mtsiro kapena mlombwa, kotero kuti banja limene likusankha nyumba pagalasi la foni limasankha pakati pa makoma a maiko ena okhaokha, ndipo luso la amayi lomata ndi kuzira, limene linasunga makoma a dera lino kwa mibadwo yambiri, silipezeka n'komwe pa zosankhazo. Kumeneku n'kutaya kwakukulu, ndipo n'kosafunikira, pakuti mapulogalamu onsewa amalola munthu kujambula khoma lenileni ndi foni ndi kulowetsa chithunzicho monga chipangizo chatsopano.

Kusiyana kwa wojambula wabwino ndi wongodziwa mabatani kumaonekera pa dongosolo la ntchito. Wabwino amayamba wafunsa njerwa imene idzagwiritsidwe ntchito, amayeza zingapo za mu uvuni womwewo, amawonjezerapo dothi kapena simenti ya pakati ndi pulasitala wa mbali zonse ziwiri, ndipo muyeso umenewo ndi umene amaupatsa pulogalamu asanajambule khoma loyamba. Amafunsanso kutalika kwa malata amene akupezeka m'masitolo a ku Chipata, monga momwe makolo ankayambira ndi mapaso, ndipo makabati amawasiya ngati chithunzi chongosonyeza malo, kuti kalipentala adzatenge miyeso yeniyeni pulasitala atauma, podziwa kuti bodi limene adzadule ndi la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi ndipo zitseko zake ziyenera kutuluka m'menemo popanda zotsala zambiri.