Kodi elekitironi imazungulira? Mkangano wa 1925 umene unamasula chinsinsi cha maginito

Mu Disembala 1925, Niels Bohr anakwera sitima kuchoka ku Copenhagen kupita ku Leiden, ku Netherlands, kumwambo wokumbukira kuti patha zaka 50 Hendrik Lorentz chilandirireni digiri ya udokotala. Sitima itaima ku Hamburg anapeza Wolfgang Pauli ndi Otto Stern akumudikira pasiteshoni ndi funso limodzi: akuti chiyani pa zimene anyamata awiri a ku Leiden alemba, zoti elekitironi imazungulira payokha? Bohr anangoti nkhaniyo ndi yochititsa chidwi, ndipo omudziwa ankazindikira kuti akatero ndiye kuti waikana. Ku Leiden, Albert Einstein ndi Paul Ehrenfest anamuchingamira ndi funso lomwelo, nakambirana naye mpaka anagonja. Pobwerera kwawo, Bohr ndiye anali patsogolo kulalikira mfundoyo.

Chimene chinadzutsa mapiri pachigwa n'chakalekale. Agiriki ankaudziwa mwala wokoka chitsulo, ndipo pofika 1088 Shen Kuo wa ku China anali atalemba za singano yoloza kummwera. Koma chokokacho n'chiyani? Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti waya wodutsa magetsi umapatutsa singano ya kampasi. André-Marie Ampère atamva izi anati mkati mwa chitsulo muyenera kuti muli timagetsi ting'onoting'ono toyenda mozungulira osaleka. Elekitironi itatulukiridwa mu 1897, ambiri anati basi tapeza: timagetsi ta Ampère ndi maelekitironi amene akuthamanga mozungulira mkati mwa atomu.

Mu 1915 ku Berlin, Einstein ndi Wander de Haas, mkamwini wa Lorentz, anaganiza zoyesa zimenezi ndi manja. Anapachika kachitsulo kowonda pa ulusi wopyapyala, n'kukalendeweretsa mkati mwa waya wokulunga, ndipo anamatapo kagalasi koti kaziwalitsa kuwala kukasuntha ngakhale pang'ono. Akatembenuza magetsi, mphamvu ya maginito m'kachitsuloko inkatembenukanso, ndipo kachitsuloko kankapotoka. Kupotokako kunalipodi, ndipo chiwerengero chimene analengeza chinagwirizana bwino ndi chimene ankayembekezera. Tsoka lake, ena atabwereza ntchitoyi, monga Emil Beck ku Zurich mu 1919, anapeza kuti mphamvu ya maginito ikuposa kawiri mlingo umene masamu ankanena. Pambuyo pake de Haas anaulula kuti anapeza zotsatira ziwiri zosiyana, ndipo anatenga chimene chinkagwirizana ndi maganizo awo. Nkhani imeneyi iyenera kumafotokozedwa kwa mwana aliyense wolowa mu labotale koyamba.

Mafunso anapitiriza kuunjikana. Mu 1919 Hendrika van Leeuwen, mayi wophunzira kwa Lorentz, anasonyeza kuti malamulo akale a fizikisi akawatsata mpaka kumapeto, maginito sayenera kukhalapo n'komwe. Mu Febuluwale 1922 ku Frankfurt, Stern ndi Walther Gerlach anatenthetsa siliva mu uvuni, n'kudutsitsa maatomu ake pakati pa maginito amphamvu kuti akagwere pagalasi. M'malo momwazikana, maatomuwo anapatukana n'kusiya mizere iwiri yokha. Chakumapeto kwa 1924 Pauli anazindikira kuti elekitironi iliyonse ili ndi khalidwe lina lokhala ndi mbali ziwiri zokha, koma anakana kwamtuwagalu kulijambula m'maganizo. Kwa iye linali lamasamu basi.

Amene anayamba kulijambula ndi Ralph Kronig, mnyamata wa zaka 20 amene anali atangofika ku Tübingen kuchokera ku America mu Januwale 1925. Iye anati mwina elekitironi imazungulira payokha ngati nguli, chakumanja kapena chakumanzere, ndipo kanthu ka magetsi kakamazungulira choncho kamasanduka kamaginito. Anamufotokozera Pauli maso ndi maso. Pauli anayamikira kuti ganizolo ndi lochenjera, koma anati silikugwirizana ndi chilengedwe. Ku Copenhagen nako sanamulandire bwino. Kronig anamvera akuluakulu, ndipo sanasindikize kanthu.

Miyezi ingapo pambuyo pake, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, ophunzira a Ehrenfest ku Leiden, anafika pa ganizo lomwelo osadziwa za Kronig. Ehrenfest anawauza kuti alembe kapepala kachidule, komanso kuti akafunse nzeru kwa Lorentz, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 72 ndipo dziko lonse linkamulemekeza pa nkhani za maelekitironi. Mkuluyo anawalandira mwaulemu monga mwa chizolowezi chake, ndipo patapita masiku anapatsa Uhlenbeck mulu wa mapepala odzaza masamu olemba pamanja. Yankho linali loopsa: kuti kampira kakang'ono choncho kakhale ndi mphamvu imene anyamatawo ankanena, khungu lake liyenera kuthamanga kuposa kuwala, zomwe n'zosatheka. Uhlenbeck anathamangira kwa mphunzitsi wake kukapempha kuti pepalalo lisatumizidwe. Ehrenfest anamuyankha kuti anatumiza kale, ndipo anawonjezera kuti awiriwo akadali anyamata, ngakhale atachita chopusa sichingawawonongere tsogolo. Pepalalo linatuluka mu Novembala 1925 m'magazini ya Naturwissenschaften.

Werner Heisenberg sanachedwe kuloza bowo lina. Masamu a anyamatawo ankapereka mpata wa pakati pa mizere ya kuwala kochokera m'maatomu woposa kawiri umene ankauona mu labotale. Pauli anakakamira pomwepo. Amene anatseka bowolo kumayambiriro kwa 1926 ndi Llewellyn Thomas, Mngelezi wa zaka 22 amene ankaphunzira ku Copenhagen: anasonyeza kuti anzake onse analumpha mbali ina ya malamulo a Einstein okhudza zinthu zothamanga kwambiri, ndipo mbaliyo ikawerengedwa masamu amakhala bwino. Mu Malichi chaka chomwecho Pauli anavomera.

N'kwapafupi kunyoza Pauli ndi Lorentz ngati nkhalamba zouma mutu, koma ine sindivomereza zimenezo (Pauli mwiniwake anali ndi zaka 25 zokha). Chimene ankakana chinali choyenera kukanidwa. Mpaka lero palibe amene anapeza kuti elekitironi ndi kampira kokhala ndi khungu loti lingazungulire. Mu 1928 Paul Dirac ku Cambridge analemba masamu olumikiza fizikisi yatsopano ya atomu ndi malamulo a Einstein, ndipo khalidwe lija, limene akatswiri amalitcha spin, linatulukamo lokha popanda kulikakamiza, pamodzi ndi kuwirikiza kawiri kumene kunasowetsa mtendere Einstein ndi de Haas. Elekitironi imabadwa nalo monga imabadwira ndi magetsi ake. Siliwonjezereka, silichepa, ndipo ukaliyeza limangoloza kumwamba kapena pansi, n'chifukwa chake siliva wa ku Frankfurt anasiya mizere iwiri.

Chaka chomwecho Heisenberg anayankha funso la chitsulo. M'zinthu zambiri maelekitironi amakhala awiriawiri, ina yoloza kumwamba ina pansi, choncho mphamvu zawo zimafafanizana. M'chitsulo mumatsala ena opanda anzawo, ndipo lamulo la Pauli, loletsa maelekitironi awiri kufanana m'zonse, limachititsa kuti oyandikana aloze kumodzi. Ukachitenthetsa kupitirira madigiri 770, kutentha kumasokoneza mgwirizanowo ndipo chitsulo chimaleka kukhala maginito. Pa maziko amenewa Albert Fert ndi Peter Grünberg anatulukira mu 1988 mfundo imene inadzathandiza kuwerenga timaginito ta m'ma hard disk a kompyuta, nalandira mphoto ya Nobel mu 2007.

Uhlenbeck ndi Goudsmit anasamukira ku Michigan mu 1927, ndipo Nobel sanailandirepo. Nkhani ya Kronig ndiyo imandikhudza kwambiri. Mu 1926 analemba m'magazini ya Nature akutsutsa ganizo limene iye mwini analiyamba, pogwiritsa ntchito zifukwa zonga zimene zinamugwetsa ulesi poyamba. Mu 1928 Pauli atapatsidwa udindo wa pulofesa ku Zurich anafuna womuthandiza pa ntchito, ndipo anaitana Kronig. Kronig anapita.