Maziko akauma: Chichewa cha ntchito zodikirana

"Kuyambika kwa kumangidwa kwa khoma kumadalira pa kumalizidwa kwa maziko." Ziganizo za mtundu umenewu zadzaza m'mapepala a maphunziro a zachitukuko, ndipo tsopano zikumvekanso m'timakanema tophunzitsa ntchito timene timayenda pa WhatsApp ndi YouTube, towerengedwa ndi liwu la makina. Mawu onse m'menemo ndi athu. Koma kamuuzeni zimenezo mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Area 25, akuyang'anani ngati mwabwera kudzamukumbutsa ngongole. Iye amati: maziko akauma, tiyamba khoma.

Luso losanja ntchito potengera imene ikudikira inzake lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1910, Henry Gantt wa ku America anatchukitsa chithunzi cha mizere yosonyeza tsiku limene ntchito iliyonse iyambire ndi kuthera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, James Kelley wa kampani ya Remington Rand ndi Morgan Walker wa DuPont anakonza njira yotchedwa critical path method, ndipo mu 1958 asilikali apamadzi a dzikolo anayamba kugwiritsa ntchito njira ina yotchedwa PERT popanga mizinga ya Polaris. Mabuku a lusoli ndi a Chingerezi, ndipo Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kusandutsa zochita kukhala mayina. Omasulira athu akamatsata mapazi ake, amatiunjikira "kwa" pa "kwa" mpaka womvera kuiwala kumene chiganizo chinayambira.

Chichewa chimanyamula ndondomeko ya ntchito m'kati mwa mneni. Taonani timaphatikizo titatu iti: akauma, asanaume, atauma. Ka amakhazikitsa chimene tikudikira. Sana amatseka njira: musayale njerwa maziko asanaume. Ta amasimba zimene zinatsatana: maziko atauma, anayamba khoma. Onjezanipo "kaye", "mpaka" ndi "pokhapokha", ndiye kuti mwatha kunena pafupifupi chilichonse chimene pulogalamu ya pakompyuta imajambula ndi mivi. Ngakhale mgwirizano umene aphunzitsi a lusoli amavutika kuupezera chitsanzo, woti ntchito ina singathe mpaka inzake itayamba, kapitawo aliyense amaunena osaganizira kawiri: mlonda wa usiku asaweruke wa masana asanafike.

"Kudalira pa" ndiye ndimakana ndithu. Timati "ndimadalira amalume", sitinena kuti "ndimadalira pa amalume"; ka "pa" kameneko kanabwera ndi Chingerezi ndipo sikagwira ntchito iliyonse. Komanso mneniyo mwiniwake sakwanira paliponse. Khoma limadaliradi maziko, poti lakhala pamwamba pake. Koma wopaka penti sadalira wa pulasitala, amamudikira. Woika siling'i amadikira wa magetsi kuti ayendetse kaye mawaya kudenga. Pokamba za nthawi, mneni wake ndi kudikira, ndipo womvera akamva "kudikira" amafunsa yekha funso loyenera: mpaka liti?

Wina wopanikizidwa ndi "pamene". Tamusenzetsa katundu yense. "Gulani mafelemu a mawindo pamene khoma likumangidwa" zikumveka. Koma "ikani mafelemu pamene khoma lafika pa windo" zayamba kuterera, poti apa tikufuna kunena kuti "khoma likafika pa windo". Ntchito zoyendera limodzi zili ndi mawu ake okoma amene tikuwasiya dala: ena akuponda dothi, kwinaku ena akutunga madzi, uku tikumanga, uku tikusaka malata. Wakumva "kwinaku" amadziwiratu kuti palibe akudikira mnzake.

Nanga critical path yeniyeniyo? Ena amati "njira yovuta". Ayi. Sikuti ntchito za m'njirayo n'zovuta kuposa zina. Tiyerekeze kuti maziko atenga masiku 10, khoma masiku 20, denga masiku 7. Ntchito zitatuzi zimadikirana, ndipo zonse pamodzi ndi masiku 37. Kalipentala wopanga zitseko akufuna masiku 14 okha, ndipo atha kuyamba tsiku limene maziko akukumbidwa. Iye atachedwa ndi sabata yathunthu, nyumba itha pa tsiku lake lomwe lija. Koma omanga khoma akajomba tsiku limodzi, denga lachedwa tsiku limodzi, nyumba yonse yachedwa tsiku limodzi. Choncho tinene zimene zilipo: mndandanda wa ntchito zimene ikachedwa imodzi, zonse zachedwa. N'kwakutali, inde, koma amene wamva sasowanso wina womumasulira. Kalipentala uja ndiye timati ali ndi mpata.

Tsopano liwu la makina. Kuno nkhani yakula, chifukwa Chichewa cholembedwa sichisonyeza zonse zimene Chichewa choyankhulidwa chimanena. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, salemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ana asukulu amadziwa chitsanzo cha mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso. Zimenezo sizisokoneza kwambiri, poti nkhani imadziulula yokha. Choopsa chili mwa aneni, ndipo mwatsoka chili mwa aneni omwe aja amene amasanja ntchito.

Tengani "amisiri akafika Lachiwiri". Mukakweza mawu pa ka, mwalonjeza kuti anthuwo akapezeka kumeneko Lachiwiri, chiganizo chatha. Mukawasiya pansi, mwangoyamba kumene, ndipo womvera akudikira kuti akafika Lachiwirilo chichitike n'chiyani. Tengani "mchenga sunabwere". Mawu akakwera pa su, mchengawo unalephereka basi, kasakeni lole ina. Akatsika, mchenga ukuyembekezekabe, musataye ndalama kawiri. Ngakhale "mwezi watha" ali pawiri: mwina mukunena kuti mwezi uno wafika kumapeto, mwina mukunena za mwezi umene unapita. Munthu wobadwira m'chinenerochi akamawerenga mokweza, diso lake limathamangira kutsogolo, n'kusankha kamvekedwe koyenera iye osazindikira n'komwe kuti wasankha. Akatswiri ngati Al Mtenje athera zaka zambiri akufufuza malamulo a kamvekedwe kameneka, amene ife timangowatsata chibadwire.

Makina amaphunzira kuyankhula pomvera mawu ojambulidwa a anthu, ndipo zinenero ngati chathu zili ndi zojambulidwa zochepa. Kampani ya Meta italengeza mu 2023 kuti yapanga mawu a makina a zinenero zoposa 1,100, inanena kuti inadalira kwambiri anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Liwu lokulira paguwa silingadziwe lokha ngati mchenga ukubwerabe.

Sindikunena kuti tilitaye. Mlangizi mmodzi amene alibe situdiyo atha kufikira anthu ambiri ndi kanema wa mphindi zitatu, ndipo akalakwitsa nambala amangokonza mzere umodzi osajambulanso zonse. Koma wolembera makina alembe podziwa kuti wowerenga wakeyo samva zimene akuwerenga. Pamene tanthauzo latsamira pa kamvekedwe kokha, aikepo mawu olichirikiza. "Mchenga sunabwerebe" sangamveke pawiri, ngakhale liwu litaphwathalala bwanji. "Amisiri akangofika, yambani kusakaniza simenti" nayenso ali bwino, poti ngo watseka khomo la tanthauzo linalo. "Mwezi wathawu" ndi wosiyana ndi "mwezi uno watha". Ndipo chodikiridwa chizibwera poyamba, chodikira pambuyo, monga ntchitoyo iyendere. Wowerenga pepala atha kubwerera m'mbuyo, koma womvera ali pa sikafodi, foni ili m'thumba, amatenga mawu m'mene afikira. Mukamuuza kuti "khomani malata" n'kudzamaliza ndi "mitanda ikalimba", wanyamula kale hamala.

Mpatuliro musaunyoze. Poyankhula timakweza mawu pang'ono kumapeto kwa "maziko akauma" n'kupuma, ndipo kupumako ndi kumene kumauza mnzathu kuti zina zikubwera. Makina ambiri amapuma pamene aona chizindikiro. Mukachiiwala, chiganizo chimathamanga ngati mzere umodzi.

Manambala nawo ali ndi msampha wawo. Akatswiri a zomangamanga amayeza mphamvu ya konkire pa masiku 28. Mukalemba 28 m'mawu opatsa makina, simukudziwa ngati liwulo litchule m'Chingerezi monga timachitira tonse pamsika, kapena liyambe "makumi awiri, mphambu zisanu ndi zitatu", kapena lingodumpha. Lembani mmene mukufuna kuti zimvekere. Apa pali mwayi, poti masiku 28 ndi masabata anayi, ndipo mmisiri amawerenga masabata kale, chifukwa aganyu ake amalandira Loweruka.